Satifiketi ya ulimi wa masamba, zipatso ndi maluwa: amaphunzira ndani, amakathera kuti?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe: "Mwana wanga wamkazi anakhoza MSCE koma sanasankhidwe kupita ku yunivesite. Akuti akufuna akachite satifiketi ya ulimi wa ndiwo zamasamba, zipatso ndi maluwa kuti azigwira ntchito mutauni momwe muno. Bambo ake akukana, akuti sangalipire fizi kuti mwana akakhale gadeniboyi. Kodi maphunziro amenewa amachita ndi anthu otani? Atsikana amapezekako? Nanga akamaliza amakathera kuti?"

Mayi, zikomo pondilembera. Ndiyambe ndi mawu a bambo a kunyumbawo, pakuti ndawamva kwa makolo ambiri ndipo sindiwanyoza. Dzina loti gadeniboyi tinalitola nthawi ya atsamunda, pamene munthu wamkulu, wa ana ake, ankaitanidwa kuti boyi pakhomo pa mzungu. Mpaka lero bambo akamadutsa ku Area 10 kapena ku Area 43 amaona anthu akutchetcha kapinga ndi chikwakwa dzuwa lili paliwombo, pakutha pa mwezi n'kulandira ndalama yosafika nayo patali. Kholo lililonse lingaope. Komatu ambiri mwa anthu amenewo sanapondeko kusukulu ya ulimi. Chimene mwana wanu akufuna ndi china: kudziwa chimene chimapha mbande pa nazale, kukwatitsa mango, kuyeza mankhwala, kuwerengera madzi, ndi kudziwa mwezi wofesa tomato kuti adzakolole pamene pamsika palibe. Ine ndaphunzitsa ulimi umenewu kwa zaka zambiri ndipo ndili ndi nazale yangayanga. Maganizo anga ndi oti mumulole, koma sukulu muisankhe ndi maso anu, ndipo musayembekeze kuti pepala lokha lidzamukhazika mu ofesi.

Makomo olowera alipo angapo ndipo sakatulukira kumodzi. TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, lili ndi kosi yotchedwa Edible Horticulture, ya ulimi wa masamba ndi zipatso, m'masukulu ena a luso. Imeneyi ndiye satifiketi imene mwana wanu akunena. Munthu amakwera gawo ndi gawo, ndipo nthawi yambiri imathera kumunda ndi ku atachimenti. Pamwamba pake pali dipuloma ya ku Natural Resources College, chakumadzulo kwa Lilongwe mukamalowera ku Mchinji, yomwe tsopano ili pansi pa yunivesite ya zaulimi ya LUANAR. Digiri ili ku Bunda, imene inachoka mu University of Malawi pamene LUANAR inkayamba ntchito mu 2012. Palinso masukulu a anthu ndi a mipingo, ena abwino kwambiri, ena ongodya ndalama. Musanalipire tambala, funsani ngati sukuluyo ndi kosi yakeyo n'zolembetsedwa ku TEVETA kapena ku National Council for Higher Education, ndipo akuonetseni kalata yake, osangoti "tili m'kati mokonza".

Kusiyana kumeneku bambo akumve bwino. Boma likamalemba alangizi a zaulimi, kawirikawiri limafuna dipuloma. Ngati maloto a pakhomo panu ndi oti mwana azidzalandira malipiro a boma, satifiketi ndi poponda poyamba chabe, adzafunika kupitiriza.

Tsono anthu amene amakhala m'makalasi amenewa. Kwa zaka zonse zimene ndaima kutsogolo kwawo, ndaona kuti amabwera ndi mitima yosiyana, ndipo mtima umene munthu walowa nawo umalosera kumene adzathere kuposa mamalikisi a mayeso.

Ochuluka ndi achinyamata ongomaliza kumene Fomu 4. Pakati pawo pali amene ankafuna unamwino kapena uphunzitsi, malo n'kusowa, achibale n'kunena kuti "ingopitani kuulimi, bola kusiyana n'kukhala pakhomo". Amenewa mumawadziwa sabata yoyamba: nthawi ya kumunda amaima pamthunzi, khasu lili m'manja ngati ndodo ya mlendo. Ena mtima umadzatembenuka akaona mbewu imene anafesa okha itamera. Ambiri amatenga pepala n'kukalowa ntchito ina, kugulitsa mayunitsi, kaunjika, kapena kuyambanso kosi ina. Si anthu olephera ayi, kungoti sanabwerere ulimi.

Pali ena obwera dothi lili kale m'zikhadabo. Ana a alimi a tomato a ku Ntcheu, a mbatata ya kachewere a ku Dedza, a kabichi a ku Bvumbwe. Palinso abambo amene agwira ntchito ya m'maluwa pahotela kapena pasukulu zaka 10, abwana awo n'kuwatumiza kuti akapeze pepala. Awa ndiwo satifiketi imawapindulira msanga. Manja amadziwa kale, chimene ankasowa ndi chifukwa chake. Munthu amene wakhala akuona tomato akupsa masamba dzinja lililonse, tsiku limene wamva kuti chiwawu chimakonda chinyezi ndi masamba onyowa, ndiponso kuti mankhwala ake ambiri amateteza osati kuchiza, amabwerera kumunda ali munthu wina. Ndaona bambo wa imvi akugwira pakamwa m'kalasi, akuti "zaka zonsezi ndimapopera matenda atalowa kale".

Gulu laling'ono ndi la akuluakulu: aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'boma amene atsala pang'ono kupuma, amayi amene ali ndi puloti ku Chitedze kapena ku Lumbadzi. Kuno ndi ochepa chifukwa makosi athu ambiri anakonzedwera achinyamata ogonera pasukulu. Ku Britain zinthu n'zosiyana. Satifiketi ya Level 2 ya Royal Horticultural Society, imene imaphunzitsidwa m'makoleji ngati Capel Manor ku Enfield mumzinda wa London, imadziwika kuti imakoka anthu akuluakulu amene atopa ndi ntchito za mu ofesi, ambiri akuphunzira tsiku limodzi pasabata kapena madzulo. Kumeneko munthu kusiya banki n'kukayamba kusamalira minda ya maluwa sachita manyazi.

Mwafunsa za atsikana. Aliko, ndipo si alendo. Mudzapite pamsika wa Wakawaka m'bandakucha, magalimoto a tomato ndi kabichi akutsitsa, muone amene akupikula ndi kuwerenga ndalama: ambiri ndi amayi. Ndalama ya ndiwo mutauni imadutsa m'manja mwa amayi. Vuto limene ndaona silili m'kalasi, lili kwa olemba ntchito. Mtsikana akafika pafamu, kawirikawiri amamuika kothira dothi m'machubu, kosankha zipatso kapena kolongedza, anyamata n'kuwapatsa mapampu, mapaipi a mthirira ndi sipuleya. Chikhalirecho ukapitawo umachokera kumene kuli mapampu ndi mankhwala, chifukwa n'kumene kuli ndalama za abwana. Mwana wanu mumuuze asavomere kutsekeredwa kumachubu. Alimbikire kuphunzira kumasula pampu, kutsuka fyuluta ya dripi (mthirira wa madontho), kuyeza mlingo wa mankhwala ndi kulemba marekodi a munda. Inunso monga kholo mufunse msanga kuti atachimenti amakachitira kuti, amagona pati, ndipo mphunzitsi amapita kangati kukawaona. Atsikana ena abwino amasiyira panjira chifukwa cha malo ogona osalongosoka, osati chifukwa cha khasu.

Nanga amakathera kuti?

Ntchito zolembedwa zilipo, koma si zambiri monga mmene zilengezo za masukulu zimamvekera. Ena amalowa m'mabungwe amene ali ndi mapulojekiti a madimba ndi kadyedwe kabwino, ntchito ya kontilakiti yotha pulojekiti ikatha. Ena amapita kumaesiteti a makademiya ku Thyolo ndi ku Mzimba, kuminda ya mango ku Salima, kapena kumagirinihausi ngati aja ali ku Lumbadzi pafupi ndi bwalo la ndege la Kamuzu. Ochepa amapeza malo kumalo a kafukufuku ngati Bvumbwe, kumene kwakhala likulu la kafukufuku wa masamba ndi zipatso, kapena kuminda ya National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu. Mutauni muli mahotela, masukulu akuluakulu, maofesi a akazembe, mabwalo a gofu, makhonsolo a mizinda ndi makampani okongoletsa pamalo. Kumeneko wa satifiketi amayamba ndi manja ngati wina aliyense, koma ndi iye amene amadzapatsidwa anthu oti aziwayang'anira. Ambirinso amaima kuseri kwa kauntala m'masitolo a zipangizo zaulimi. Ntchito imeneyi anthu amaipeputsa, koma ine ndimailemekeza. Mlimi akabwera ndi tsamba la tomato lobooledwa ndi kambozi kotchedwa tuta, wogulitsa wophunzira amadziwa chomupatsa, amamuwerengera masiku odikira asanathyole, ndipo amadziwa kusiyana kwa botolo la mzere wofiira ndi la mzere wobiriwira, mizere yosonyeza kuopsa kwa mankhwalawo. Wosaphunzira amangopereka chimene chatsala pashelefu, mawa ife n'kudya tomato wopoperedwa dzulo. N'chifukwa chake kuli Pesticides Control Board yopereka ziphaso kwa ogulitsa mankhwala.

Njira ya kunja iliponso. Ophunzira a zaulimi akhala akupita ku Israel kukaphunzira ntchito m'mafamu, ndipo mu Novembala 2023 achinyamata 221 ananyamuka ulendo umodzi kukagwira ntchito m'minda ya kumeneko, nkhondo ya ku Gaza ili m'kati. Amene amabwerako atagwiradi ntchito amabwera akudziwa dripi ndi girinihausi bwino kwambiri, koma ndi ntchito yakalavulagaga ndipo kontilakiti yake ndi yofunika kuiwerenga mutakhala pansi. Ku Johannesburg ndi ku Cape Town Amalawi ali ndi mbiri yabwino yosamalira minda ya maluwa, koma satifiketi silowa m'malo mwa chilolezo chogwirira ntchito, ndipo kuti pepala lathu liwerengedwe kumeneko limayamba launikidwa ndi SAQA, bungwe la ku South Africa loona za ziphaso za maphunziro.

Koma kunena zoona, Mayi, ophunzira anga amene lero akudya bwino, ambiri anadzilemba okha ntchito. Pamenepa ndikhalitsepo, chifukwa ndi pamene mwana wanu angapindule kapena kugwa.

Msika ulipo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda wa Lilongwe ndi 800,264 mu Blantyre, ndipo chiyambire pamenepo mizinda yakula. Nyumba iliyonse imafuna ndiwo tsiku lililonse, ndipo nyumba yatsopano iliyonse ikangokwera mpanda, mwini wake amayamba kufuna kapinga, mitengo ya mthunzi ndi ya zipatso. Chimene chimagwetsa achinyamata si kusowa ogula. Ndi madzi.

Tiyeni tiwerengere limodzi. M'mwezi wa Okutobala bedi la masamba limamwa pafupifupi malita 5 pa sikweya mita tsiku lililonse. Kamunda ka mamita 10 mulitali ndi 10 mulifupi kakufuna malita 500 patsiku, ndowa 25 za malita 20. Pamwezi ndi malita 15,000. Mukathirira ndi madzi a pampopi kuti mulime mpiru kapena repu, bilu ya Water Board idzadya phindu lonse, chifukwa mpiru womwewo akubwera nawo panjinga anthu a kudimba amene madzi amangotunga pachitsime. Ena amathawira kumtsinje, koma mitsinje ya mutauni, monga Mudi ku Blantyre, imanyamula zonyansa za m'mafakitale ndi m'zimbudzi, ndipo letesi wodyedwa wosaphika wothiriridwa madzi otero ndi matenda. Wophunzira bwino amadziwa kuti mutauni, pamene malo ndi ochepa ndipo madzi ndi ogula, sulimbana ndi wa kudimba. Umalima chimene chimatenga malo ochepa koma mtengo wake ndi waukulu: mbande za m'matileyi zogulitsa kwa alimi anzako, girinipepa wofiira ndi wachikasu, zonunkhiritsa ndiwo zofunidwa m'mahotela, maluwa, ndipo koposa zonse mitengo yokwatitsa.

Ndikuonetseni za mango. Mumatola nthangala za mango a makolo, aja amangotayidwa pamsika mu Disembala, n'kuzibzala m'machubu. Kamtengo kakakula kufika ngati pensulo, mumakadula, n'kung'amba pakati ndi lumo loyera. Kenaka mumatenga kanthambi ka Kent kapena Tommy Atkins, kukasongola mbali ziwiri ngati nsonga ya nkhwangwa, kukalowetsa mumng'alu muja makungwa atakhudzana bwinobwino, n'kumanga ndi kapulasitiki kuti mpweya ndi madzi zisalowe. Pakatha masabata atatu kapena anayi, timaso tija timayamba kuphuka. Mtengo wotero umabereka pakatha zaka zitatu kapena zinayi, pamene wa nthangala umadikiritsa, ndipo wogula amadziwiratu mtundu wa zipatso umene adzadye. Pamalo pamene mungayale mphasa imodzi pamakwana machubu makumi angapo, ndipo keni imodzi imawathirira onse. Zida zake ndi lumo, pulasitiki ndi dzanja losanjenjemera. Dzanja limenelo silibwera powerenga notsi. Limabwera munthu akakwatitsa mitengo mazana, yambiri n'kufa, mpaka zala zitazolowera. Sukulu yabwino imapatsa wophunzira mitengo yoti aphe.

Ndinalembapo mnyamata wina pa nazale yanga, wa satifiketi yowala bwino ya kusukulu ina ya mutauni. Tsiku lachitatu ndinamupatsa sipuleya ya malita 16 ndi paketi ya mankhwala kuti apopere mbande za tomato. Pofika madzulo matileyi onse anali atapsa ngati adutsidwa ndi moto. Sanadziwe kusintha mlingo wa pa lebulo kuti ugwirizane ndi sipuleya yake, ndiye anangothira "kuti agwire bwino". Mtima unandipweteka, koma nditamufunsa modekha anandiuza kuti sukulu yawo inali zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo, ndipo chaka chonse sanagwirepo sipuleya. Makolo ake anagulitsa mbuzi kulipira fizi imeneyo. Mnyamatayo ndinakhala naye, lero amakwatitsa malalanje kundiposa, koma anachita kuyambiranso pachiyambi.

Mpamba nawo ndi nkhani. Mbewu za haibulidi, pulasitiki ya girinihausi, mapaipi a dripi ndi mankhwala zimachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zonsezi zinakwera. Choncho mwana asatuluke kusukulu ndi maloto a girinihausi yaikulu imene anaona pa Facebook. Amene ndawaona akuima anayamba ndi mthunzi wa udzu kapena neti kuseri kwa nyumba ya makolo, akugwira ntchito kwa wina masana kuti aphunzire msika. Ngati muli ndi ndalama yoti mumuthandize, musaithere yonse ku fizi. Musungeko ina ya wilibala, keni, machubu ndi mbewu za chaka choyamba.

Mwina pofufuza mudzakumana ndi sukulu yonena kuti ophunzira ake ochuluka mwakuti pa 100 alionse anapeza ntchito. Manambala otero muziwafunsa mafunso. Ku America makoleji amapereka ku boma chiwerengero cha omaliza maphunziro, amuna angati, akazi angati, a mitundu iti, ndipo boma limasindikiza malipiro amene omalizawo akulandira. Komabe pa makosi ang'onoang'ono malipirowo sasindikizidwa, chifukwa anthu ake ndi ochepa moti nambala ingaulule munthu. Ku Britain omaliza maphunziro apamwamba amafunsidwa pakatha miyezi 15. Kunonso TEVETA imachita kafukufuku wolondola omaliza maphunziro. Koma kalasi ya ulimi wa masamba imakhala yaing'ono. Ngati anamaliza anthu 10, atsikana awiri okha akusintha chiwerengero ndi 20 peresenti, chaka chino muona ngati kosi ndi ya akazi, chaka chamawa ngati ya amuna. Funsaninso kuti "ntchito" akutanthauza chiyani. Wogulitsa mayunitsi amawerengedwa kuti ali pantchito, pamene mtsikana amene ali ndi machubu 2,000 kuseri kwa nyumba akhoza kuyankha kuti "sindili pantchito" chifukwa palibe anamulemba. Ndipo amene zinthu sizinawayendere nthawi zambiri sayankha foni ya sukulu. Funso lothandiza kwa mkulu wa sukulu ndi ili: "Amene anamaliza zaka ziwiri zapitazo ali kuti? Tilumikizeni ndi atatu, mmodzi akhale mtsikana." Sukulu yodzidalira imachita zimenezo tsiku lomwelo.

Za bambo, musalimbane nawo ndi mawu. Apempheni kuti mupite nonse atatu kukaona sukuluyo, makamaka mwezi wotentha, Okutobala kapena Novembala mvula isanagwe. Mukafika musathere nthawi mu ofesi. Pemphani kuti akuonetseni munda. Onani ngati kuli madzi, ngati mabedi ali obiriwira, ngati pali mulu wa kompositi umene ukutembenuzidwa, ngati pa nazale pali mitengo yomangidwa timapulasitiki yokhala ndi mayina a ophunzira. Yang'anani manja ndi nsapato za mphunzitsi. Mufunse wophunzira amene mwakumana naye panjira kuti sabata ino wagwira chiyani. Pobwerera mudutsire pa nazale za m'mbali mwa msewu, bambo afunse okha mtengo wa kamtengo ka mango kapena ka peyala kokwatitsa, awerengenso machubu amene ali pamenepo.

Pamene mukudikira chilengezo cha malo, mwanayo mumupatse kachigawo kuseri kwa nyumba, ngakhale ka mamita awiri okha, ndi machubu 50. Afese tomato pang'ono, abzale nthangala za mango, azithirira ndi madzi otsukira mbale opanda sopo wambiri, ndipo azilemba m'kope tsiku lofesa, tsiku lomera, zimene zafa ndi ndalama iliyonse imene yalowa. Inu musamukumbutse kuthirira. Pakatha masabata 6 mudzaone ngati akudzuka yekha m'mamawa kukayang'ana mbande zake, ndipo kope lija adzapite nalo pokafunsira malo.